Azakhali Ali M'zipinda Khumi ndi Zinayi

Tsiku limene anaika makina atsopano pa chipatala chija, Abwana Aakulu anavala tayi yofiira n'kuitanitsa antchito onse m'chipinda cha misonkhano, kuyambira madokotala mpaka okolopa. Chinali chipatala cholipira, cha nsanjika ziwiri, ndipo Abwanawo sanali dokotala ayi. Anali munthu wa makiyi ndi zidindo, katswiri pa kuyankhula mawu akuluakulu ataimirira.

"Kuyambira lero," anatero akugogoda tebulo ndi chala, "aliyense wolowa pa netiweki yathu azidziwika ndi dzina. Kale makina ankangotiuza kuti kompyuta yakuti yatsegula zakuti. Tsopano azitiuza munthu wake amene wakhala kuseri kwa kompyutayo. Makina sanama. Amene dzina lake lidzatuluke pa zoipa aone msana wa njira, ngakhale atakhala mwana wanga wobereka ndekha."

Anthu anaomba m'manja, poti wosaomba amaonekera. Mawaya, amene anaima kumbuyo pafupi ndi khomo, anaomba kawiri n'kubweza manja m'matumba. Iye ndiye anali wa makompyuta pa chipatalapo, ndipo dzinalo analipata chifukwa chokhalira kukwawa kunsi kwa matebulo. Makinawo anawapempha yekha kwa zaka zitatu, akumuyankha kuti ayambe wadikira. Lero Abwana ankayankhula ngati anachita kuwalota okha.

Koma chimene chinkamudya mumtima Mawaya sichinali chimenecho. Makinawo anali abwino ndithu. Munthu akalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, iwo ankalemba kuti uje walowa nthawi yakuti, pa kompyuta yakuti, kudzera pa waya wa chipinda chakuti, ndipo watsegula fayilo yakuti. Vuto linali anthu. Pa chipatala chonsecho, ndi madigiri onse opachikidwa m'makomamo, munthu amene ankakumbukira pasiwedi yake anali mmodzi yekha, Azakhali.

Azakhali anali mlembi wa pa ofesi ya kutsogolo. Panalibe m'bale wawo aliyense pamenepo, koma dzinalo linawakanirira chifukwa aliyense akapanikizika ankathamangira kwa iwo. Anayamba ntchito nthawi ya mataipi olira, anali atatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pa mpando womwewo, ndipo kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume. Popeza iwo ndiwo ankalembetsa odwala, kusindikiza zotsatira za ku labu ndi kutaipa makalata, dzina lawo linkatsegula chilichonse. Tsiku lina, kale ndithu, dokotala wina anaiwala pasiwedi yake wodwala akubuula pa benchi. Azakhali anamulembera yawo pa kapepala kachikasu. Kapepalako kanaswana. Kanapezeka kunsi kwa kiyibodi ya ku famase, kuseri kwa kalendala ya ku labu, m'kabati ya manesi, mpaka ena anakaloweza kuposa nambala ya foni ya mayi awo. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma nkhwali yathuyi sinkadziwa n'komwe kuti ikuwindidwa.

Mawaya analembera Abwana katatu kuti makina atsopanowo alibe ntchito ngati chipatala chonse chikulowa ndi dzina limodzi. Yankho linabwera pa masitepe, Abwana akuyenda.

"Mphwanga, kuno timachiritsa anthu, sitiloweza manambala. Usaimitse ntchito."

Ndipo Mawaya sanaimitsedi. Tisamuyeretse kwambiri mnyamatayu. Nayenso ankapeza mpumulo, chifukwa pamene anthu ankalowa ndi dzina la Azakhali panalibe womudzutsa pa mpando kuti akamukonzere pasiwedi yoiwalika.

Patatha miyezi iwiri kunabwera kalata ya loya. Mphunzitsi wina wachinyamata anadzayezetsa magazi pa chipatalapo, ndipo sabata isanathe zotsatira zake zinafika pa foni ya makolo a mtsikana amene ankafuna kumukwatira. Chibwenzi chinatha tsiku lomwelo, nkhani n'kufala mpaka ku sukulu kumene ankaphunzitsa. Loyayo ankafuna dzina la munthu amene anatulutsa fayiloyo. Amayi a Pampando, nesi wopuma amene ankatsogolera bodi ya chipatalacho, anaimba foni n'kunena kuti dzinalo akulifuna iwonso.

Abwana anatsikira okha m'kachipinda ka Mawaya, kumene anali asanapondeko chiyambire. Anaima kumbuyo kwake, fungo la perefyumu lili guu.

"Tulutsa dzina."

Mawaya anafufuza fayilo ya mphunzitsiyo. Inatsegulidwa Lachiwiri, mphindi zochepa isanakwane 11 koloko m'mawa, kenako n'kukopedwa. Dzina linatuluka la Azakhali.

"Eee, mayi amene uja!" anatero Abwana akupukusa mutu mwachisoni chochita kugula. "Munthu sungamudziwe. Sindikiza."

"Bwana, dikirani ndione mizere inayi. Pali kompyuta yake, pali waya wa chipinda…"

"Anthu afunsa dzina. Sindikiza dzina."

Madzulo a tsiku lomwelo Azakhali analandira kalata yowaimitsa ntchito mpaka tsiku la mlandu wawo, Lolemba linalo. Anaiwerenga kawiri, anaipinda bwinobwino, anatenga juzi yawo pa mpando ndi kapu yawo ya tiyi, n'kutuluka. Panalibe amene anawaperekeza ngakhale mpaka pa geti. Onse anatanganidwa mwadzidzidzi, wina ndi mafayilo, wina ndi zingwe za nsapato.

Sabata imeneyo Mawaya anaona malodza. Malamulo ankati wantchito akaimitsidwa, dzina lake litsekedwe pa netiweki tsiku lomwelo, koma Abwana anamuuza kuti asatseke kaye. Choncho m'mawa uliwonse chipatala chonse chinkalowabe ndi dzina la Azakhali, ndipo pa nthawi ya tiyi anthu omwewo ankawadya miseche. Wa ku famase anati iye anawakayikira kalekale, maso awo ankaonetsa. Mkulu wa ku labu anati akazi achikulire sasunga chinsinsi. Atatha kuyankhula choncho ankabwerera m'zipinda mwawo, kukweza kiyibodi, n'kuwerenga kapepala kolembedwa ndi dzanja la mayi yemweyo. Manyazi akanakhala mankhwala, famase ya chipatala chija ikanalemba kuti atha.

Mizere ija Mawaya anaiwerenga yekha atatseka chitseko. Lachiwiri lija, pa mphindi yomwe ija, Azakhali anali pa netiweki m'malo khumi ndi awiri. Fayilo ya mphunzitsi sinatsegulidwe pa kompyuta ya ku ofesi ya kutsogolo. Inatsegulidwa pa laputopu yolumikizidwa ku waya nambala wani, ndipo waya nambala wani anaukoka yekha ndi manja ake, kudutsa kunsi kwa kapeti ya m'chipinda chapamwamba, ofesi ya Abwana. Laputopu ya mtundu umenewo pa chipatala chonse inalipo imodzi.

Lachisanu anakwera kukagogoda. Abwana anamumvetsera akusenda nthochi.

"Wamaliza?" anafunsa. "Tamvera, mphwanga. Iwe uli ndi ana angati?"

"Awiri, bwana."

"Awiri. Ndiye Lolemba udzawerenge dzina limene makina atulutsa, ukhale pansi. Anyamata odziwa mawaya ali mbwee kunjaku, ena amabwera ndi makalata tsiku lililonse."

Mawaya anatsika masitepe. Anachita mantha, tisabise. Loweruka masana anakwera basi kupita kwa Azakhali, mwina kukapepesa, mwina kukafuna munthu womuuza kuti palibe chimene angachite. Anawapeza pakhonde akusita makatani amene sankafunika kusita.

"Mwabwera kudzaona wakuba, mwanangu? Khalani apo."

Anawafotokozera za waya nambala wani. Azakhali sanadabwe. Anaimika simbi, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Ndikudziwa. Lachiwiri lija Abwana anandiitana kuti ndiwasonyeze mmene amatumizira fayilo pa foni. Ndinawasonyeza, ndimayesa ndi za ntchito. Mtsikana wa mphunzitsi uja ndi mwana wa mng'ono wa akazi awo. Ndinataipa ndine kalata yomupezera malo ku koleji."

"Nanga bwanji simunanene, Azakhali?"

"Ndinene kwa yani? Mawu a mlembi angalimbane ndi makina? Si paja makina sanama?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Komanso pasiwedi ndinapereka ndine. Ntchito isakudetseni nkhawa, yatsala pang'ono kutha kale. Chikundiwawa ine ndi dzina. Zaka zonsezi ndasunga matenda a anthu mumtima muno. Malemu bambo a kunyumba kuno anapita osadziwa ngakhale za anzawo amene ankamwa nawo. Lero apaneba akandiona amatsitsa mawu. Mkazi wa m'nyumba iyo wasiya kundipatsa moni, akuti ndikaulula zake."

Mawaya anayang'ana pansi. Dzinalo analisiya yekha kuti lizipondedwa ndi chipatala chonse, chifukwa cha ulesi wodzuka pa mpando. Anatsanzika osamwa n'komwe tiyi amene anamupatsa.

Lolemba analawirira. Anayamba wapita kwa manesi a odwala mwakayakaya, n'kuwakonzera aliyense pasiwedi yakeyake, akuima pomwepo mpaka aliyense atalowa ndi dzina lake, kuti zimene ankafuna kuchita zisakhudze odwalawo. Manesiwo anadandaula ngati akuwazula mano. Kenako ananyamula kompyuta yake ndi makina oonetsera pakhoma, n'kukwera ku chipinda cha misonkhano.

Amayi a Pampando anakhala kumutu kwa tebulo, magalasi ali pamphuno. Kumanja kwawo kunali loya wa mphunzitsi. Abwana anabwera ndi tayi yofiira ija ndi laputopu yawo, anailumikiza ku waya wa pakhoma, anaitsegula, n'kuyamba kuwerenga mawu amene anakonza. Azakhali anakhala okha ku mapeto, chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri ali pachikwamapo.

Abwana anayankhula mphindi makumi awiri. Anatchula chikhulupiriro, ulemu wa wodwala, ndi mtima wawo umene unasweka. Anati iwo ngati kholo zikuwapweteka, koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Pomaliza analoza Mawaya.

"Wa makompyuta awerenge dzina."

Mawaya anaimirira. "Dzina ndi la Azakhali," anatero. Abwana anagwedeza mutu. "Koma Amayi a Pampando, ndiloleni ndikuonetseni kumene Azakhali ali panopa."

"Si awa akhala apawa?"

"Makina akunena zina, mayi."

Anayatsa makina oonetsera. Pakhoma panatuluka mizere khumi ndi inayi, uliwonse ukuyamba ndi dzina la Azakhali. Mawaya anawerenga pang'onopang'ono. Pa mphindi imeneyo Azakhali ankapereka mankhwala ku famase. Ankalemba zotsatira ku labu pa makompyuta awiri. Ankaona odwala m'zipinda zinayi za madokotala. Ankajambula mafupa, ankawerenga mabedi, ndipo ku stolo ankaonera mpira.

"Ameneyu ndi mlembi kapena mzimu?" anafunsa loya uja.

"Makina asokonekera," anatero Abwana msangamsanga. "Zinthu zimenezi zimalakwitsa nthawi zina."

Amayi a Pampando anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Si inu munandilembera kuti makina sanama?"

"Malamulo athu amati woimitsidwa ntchito dzina lake litsekedwe," anatero Mawaya. "Ndinachedwa nazo sabata yathunthu, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Ndikutseka tsopano."

Anadina batani. Mizere yonse khumi ndi inayi inazima. Kenako panamveka mapazi pa masitepe.

Woyamba kugogoda anali wa ku famase, uja ankawakayikira kalekale. Anasuzumira osaona bwino amene ali m'katimo.

"Mawaya, za Azakhali zija zakana. Tabwera msanga, anthu ali pa mzere."

"Lowani, bambo," anatero Amayi a Pampando. "Za Azakhali ziti?"

Munthuyo anaona Azakhali, anaona loya, n'kuyamba kukanda m'khosi. Asanayankhe anafika mkulu wa ku labu, kapepala kachikasu kali m'manja, akudandaula kuti mwina walemba molakwika chilembo chimodzi. Kenako madokotala awiri, wojambula mafupa, wa ku stolo. Amayi a Pampando anawaimika onse m'mbali mwa khoma ngati ana ochedwa ku sukulu, n'kumawerenga. Ena anatumidwa kukaitana anzawo. Anakwana khumi ndi atatu.

"Mizere inali khumi ndi inayi," anatero mayiwo. "Wina ali kuti?"

"Mzere wotsalawo unali wa laputopu yolumikizidwa m'chipinda chino, mayi," anayankha Mawaya. "Ndi laputopu yomweyo imene inatsegula fayilo ya mphunzitsi Lachiwiri lija, pa waya nambala wani, m'chipinda chapamwamba."

M'chipindamo munali malaputopu awiri okha, ndipo imodzi inali m'manja mwa Mawaya.

"Zamwano!" anakuwa Abwana. "Ine ndili ndi dzina langa pa netiweki. Ndingalowe bwanji ndi dzina la mlembi?"

"Ndiye lowani tione," anatero Amayi a Pampando.

Sikirini ya Abwana inali itabwerera pa khomo lofunsa dzina ndi pasiwedi. Anakoka mpando, anakonza tayi, n'kutaipa ndi chala chimodzi. Inakana. Anati kiyibodi yake njolimba. Anataipanso, inakananso. Thukuta linayamba kutsika kuseri kwa khutu n'kunyowetsa kolala. Anthu khumi ndi atatu aja ankayang'ana kudenga, pansi, pawindo, paliponse kupatula pa tebulo. Atakanidwa kachitatu, Abwana anachita zimene anazolowera kuchita kwa zaka zonse akapanikizika. Mutu unatembenuka wokha, pakamwa n'kutseguka pokha.

"Azakhali, paja pambuyo pa…"

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Loya analemba kanthu m'buku lake. Mawaya anaonjezera motsitsa kuti dzina la Abwana, chilipangireni, silinalowepo pa netiweki n'kamodzi komwe.

Azakhali anaimirira, chikwama chili m'manja. Sanakweze mawu.

"Pambuyo pake pali tsiku limene ndinayamba ntchito pano, bwana. Mwalitaipa m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu. Mwalitaipanso tsiku limene munalemba kalata yondichotsa."

Kenako anafotokozera Amayi a Pampando za Lachiwiri lija ndi za mwana wa mng'ono wa akazi a Abwana, mwachidule, ngati akuwerenga kalata yotaipa kale. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Abwana anangoti anachita zimenezo pofuna kuteteza mwana. Amayi a Pampando anatambasula dzanja, osati kuti awapatse moni, koma kuti alandire makiyi.

Masana Azakhali anabwerera pa mpando wawo. Asanaike n'komwe kapu pa tebulo, anthu aja anayamba kufika mmodzimmodzi, nkhope zili zofewa. Wa ku famase anati iye ankadziwa kuti sangakhale iwo. Mkulu wa ku labu anati sabata yonse sanagone nazo tulo. Azakhali anawamvetsera onse, kenako anatenga envelopu yaikulu n'kuyenda chipinda ndi chipinda, kukweza makiyibodi, kutembenuza makalendala, kutsegula makabati. Anatola timapepala tachikasu makumi atatu ndi kamodzi. Komaliza kanali komatidwa kunsi kwa tebulo la m'chipinda chapamwamba.

Mawaya anabwera kudzawatsegulira dzina lawo. Pamene ankataipa pasiwedi yatsopano, iye anatembenukira kukhoma mpaka atamva kuti amaliza. Nthawi yomweyo dokotala uja, mwini kapepala koyamba, anafika akupuma mwabefu.

"Azakhali, tangondithandizani kamodzi kokha, yanga ija ndaiiwalanso."

"Mawaya ndi uyu, adokotala," anayankha osakweza mutu. "Dzina langa ndikuligwiritsa ntchito."

Ankataipa kalata yopita kwa mphunzitsi uja. Amayi a Pampando anati chipatala chidzalemba yake kudzera kwa loya, koma Azakhali anati iyi ndi yawo, chifukwa chitseko chimene anthu analowera anachisiya chosatseka ndi iwo. Ankadziwa kuti kalata sibweza ukwati. Anailembabe.

Mawaya anatsikira m'kachipinda kake n'kuyang'ana sikirini. Mayina anali ambiri tsopano, aliyense pa waya wake, ena atalakwitsa kale pasiwedi kanayi. Anafufuza dzina la Azakhali. Linatuluka pa mzere umodzi, ku ofesi ya kutsogolo.